Desiki ya mfumu ndi amapasa ake

M'nyumba yachifumu ya Versailles, kunja pang'ono kwa mzinda wa Paris, muli desiki imene eni dziko amangoitchula kuti Bureau du Roi, kutanthauza desiki ya mfumu. Mmisiri Jean-François Oeben anayamba kuipangira Mfumu Louis XV mu 1760, koma anamwalira mu 1763 ntchito ili pakati. Anadzaimaliza mu 1769 ndi wantchito wake, Jean-Henri Riesener, yemwe pofika nthawiyo anali atakwatira mkazi wamasiye wa abwana akewo n'kutenga shopu yonse. Zaka zisanu ndi zinayi, desiki imodzi! Ili ndi chivundikiro chobulungira chimene chimalowa m'kati munthu akachikankha, ndipo kiyi mmodzi amatseka chivundikirocho pamodzi ndi madilowa, kuti makalata a mfumu asagwidwe ndi maso a wina aliyense.

Koma mukapita ku London, m'nyumba yosungiramo zakale ya Wallace Collection, mukaipezanso desiki yomweyo. Mukapita ku Bavaria, dera la ku Germany, m'nyumba ya Herrenchiemsee imene anamanga Mfumu Ludwig II, nakonso iliko. Ya ku London inapangidwa m'zaka za m'ma 1850 atachita kuitanitsa ndi mwinichuma wa ku England, Lord Hertford. Ya ku Bavaria anapanga ndi Joseph-Emmanuel Zwiener. Henry Dasson anapanga yake n'kukaionetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1878, ndipo François Linke anapanga zingapo. Munthu wongomva kumene angati apa pali chinyengo, wina ankagulitsa feki. Ayi ndithu. Ogula ankadziwa chimene akugula, ndipo opanga ambiri ankalembapo maina awo poyera. Mipando imeneyi, imene inapangidwa kuyambira cha m'ma 1850 mpaka nkhondo ya 1914, potsanzira ya mafumu atatu otchedwa Louis, ndi nkhani payokha. Ine ndimaona kuti anthu anaipeputsa nthawi yaitali chifukwa cha liwu limodzi lokha, lakuti "kukopera".

Kuti timvetse zimene ankakoperazo, tiyambire kwa eni ake oyamba. M'zaka za m'ma 1700, munthu ku Paris sankangogula macheka n'kutsegula shopu. Ntchito iliyonse yamanja inali ndi bungwe lake lokhala ndi malamulo okhwima. Wopanga mipando yokhalira, mabedi ndi zina za thabwa lathunthu ankatchedwa menuisier. Wopanga makabati, madesiki ndi matebulo okutidwa ndi timatabwa topyapyala ta mitengo yodula ankatchedwa ébéniste, dzina lochokera ku ébène, mtengo wakuda bii wonga phingo. Kusungunula mkuwa inali ntchito ya bungwe lina, kuupaka golide ya linanso, ndipo wolowerera ntchito ya mnzake ankalandidwa katundu. Kuyambira m'ma 1740 malamulo anati mmisiri aliyense azidinda dzina lake pa thabwa ndi chidindo chachitsulo, ndipo oyendera a bungwe akakhutira ndi ntchitoyo ankawonjezerapo zilembo zitatu, JME. Dera lina la kummawa kwa mzinda, Faubourg Saint-Antoine, pafupi ndi ndende ya Bastille, linali ndi chilolezo cha mfumu chogwira ntchito kunja kwa malamulowa, n'chifukwa chake obwera ankathamangira kumeneko. Oeben ndi Riesener onse anabadwira ku Germany. Mfundo imeneyi tiisunge, ibweranso.

Ma Louis atatuwo savuta kusiyanitsa ngati uyang'ana miyendo. Mipando ya Louis XIV ndi yolemera, yamphamvu, mbali ziwiri zofanana ndendende. Mmisiri wake wamkulu anali André-Charles Boulle, wobadwa mu 1642, amene ankakuta makabati ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja chosakaniza ndi mkuwa wachikasu. Ya Louis XV ilibe mzere wowongoka: miyendo yopindika ngati ya gwape, mimba ya kabati yotukuka, zokongoletsa za masamba, nkhono ndi madzi otsetsereka. Ya Louis XVI inawongokanso, miyendo yoonda yokhala ndi timigula totsika, chifukwa pa nthawiyo anthu a ku Ulaya anali atatengeka ndi zimene zinkafukulidwa m'mizinda yakale ya Aroma ya Herculaneum ndi Pompeii.

Kenako zinthu zinatembenuka mu 1789, pamene anthu a ku France anaukira ufumu. Mabungwe a amisiri anathetsedwa mu 1791, Mfumu Louis XVI inadulidwa mutu mu Januwale 1793, ndipo kuyambira Ogasiti chaka chomwecho boma latsopano linayamba kugulitsa katundu wa ku Versailles pa okushoni imene inatenga pafupifupi chaka chathunthu, magulu a katundu oposa 17,000. Boma linkafuna ndalama za nkhondo. Riesener anagulako zina mwa zimene anapanga yekha, poganiza kuti mitengo idzakweranso, koma anthu anali atasiya kuzifuna ndipo anamwalira mu 1806 chuma chitamuthera. Desiki ya mfumu ija sinagulitsidwe, koma mu 1794 anaitana Riesener yemweyo kuti achotsepo zilembo za dzina la mfumu. Katundu wambiri wabwino anawoloka nyanja kupita ku England, komwe Mfumu George IV ndi olemera anzake ankagula mosaumira.

Ndiye taganizani: patapita zaka makumi asanu, France inapezeka kuti mipando yake yambiri yapamwamba ili m'nyumba za Angelezi.

Chilakolako chinabwerera pang'onopang'ono, koma amene anachikoleza kwenikweni ndi Eugénie, mkazi wa Napoleon III, mfumu yaikulu imene inalamulira France kuyambira 1852 mpaka 1870. Mayi ameneyu ankamukonda Marie-Antoinette, mkazi wa Louis XVI amene naye anadulidwa mutu, mopitirira muyezo, mwina poopa kuti zimene zinaonekera mnzakeyo zidzamuonekeranso. Anasonkhanitsa mipando yake imene inatsala, anaika desiki ya mfumu ija m'zipinda zake m'nyumba yachifumu ya Saint-Cloud, pafupi ndi Paris, ndipo mu 1867 anakonza chionetsero cha katundu wa mfumukaziyo ku Petit Trianon, kanyumba kake ka m'munda wa ku Versailles. Pamene yakale inaperewera, anauza amisiri monga Guillaume Grohé ndi a banja la Fourdinois kuti apange yatsopano yofanana nayo. Chimene akonda mfumukazi, mzinda wonse umachifuna. Nthawi yomweyo kunali kukubadwa olemera atsopano, a mabanki, a njanji, a migodi, ku Paris, London, New York ndi Buenos Aires. Ndalama anali nazo, chimene analibe ndi agogo okhala ndi dzina. Kabati ya Louis XVI m'chipinda chochezera inkalankhula zimene mwini nyumba sakanatha kunena ndi pakamwa. Koma mipando yakale yeniyeni inali yowerengeka, ina inali italowa kale m'nyumba za boma zosungiramo zakale monga Louvre ya ku Paris komwe singagulidwe pa mtengo uliwonse, ndipo imene inkatuluka pa msika, monga pa okushoni ya mu 1882 ya katundu wa m'nyumba ya Hamilton Palace ya ku Scotland, inkapita pa mitengo yoti olemera okhaokha a mtundu wa Rothschild ndi Vanderbilt ndiwo ankaipirira. Mpata umenewu ndi umene amisiri a ku Paris anadzaza.

Maina awo ndi ambiri, koma ochepa ndiwo amamveka kwambiri lero. Henry Dasson, wobadwa mu 1825, anayamba ngati mmisiri wa mkuwa, ndipo zimenezi zimaonekera pa ntchito yake. Ankazokota dzina lake ndi chaka pa mkuwa weniweniwo, kotero palibe amene akanati ananamizidwa. Banja la Beurdeley, bambo ndi mwana, linkagulitsanso zakale zenizeni, ndiye linali ndi zitsanzo m'manja tsiku lililonse. Mwanayo, Alfred, anatseka shopu mu 1895. Paul Sormani anachokera ku Italy, ndipo dzina lake ndi adiresi ya 10 rue Charlot zimapezeka pa loko. Zwiener anachokera ku Germany, Linke ku Bohemia, dziko limene lero ndi Czech Republic. Mwaona mmene mbiri inabwerezera? Mipando "yachifalansa" kwambiri inatulukanso m'manja mwa obwera, m'dera lomwe lija la Faubourg Saint-Antoine.

Kusiyana kwakukulu ndi akale kunali kwakuti tsopano malamulo a mabungwe kunalibe. Mwini shopu mmodzi ankatha kulemba ntchito wojambula, wosema, wopala matabwa, wocheka zokutira, wozokota mkuwa ndi wopaka golide, onse pansi pa denga limodzi kapena m'timashopu toyandikana. Kabati imodzi inkadutsa m'manja ambiri, ndipo apa m'pamene pali phata la nkhaniyi.

Ankayamba ndi mafupa a kabati, thupi lam'kati limene wogula saliona. Nthawi zambiri linali la mtengo wa oak woumitsidwa zaka zambiri, wolumikizidwa mopanirana, thabwa kulowa m'linzake, osadalira misomali. Pamwamba pake ankamatapo timatabwa topyapyala ta mitengo yochokera kutali: mahogany, mtengo wofiirira wapachibale ndi mbawa, wochokera ku zilumba za Caribbean ndi ku Central America, bois de rose ndi bois de violette ya ku Brazil, amarante wa ku Guyana. Apa pali chibale chenicheni ndi kwathu kuno: mitengo iwiri ya ku Brazil ija ndi ya mtundu wa Dalbergia, womwewo wa phingo amene amasemera ziboliboli. Timatabwato ankatidula m'zidutswa zazing'ono n'kuzilumikiza kuti zipange maluwa, mitanga ya zipatso, zida zoimbira kapena timabwalo tobwerezabwereza. Kuti tsamba la duwa lioneke ngati lili ndi mthunzi, ankaviika m'mphepete mwa kachidutswako mu mchenga wotentha kuti kawauke pang'ono. Guluu wake anali wophika kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, womata akadali wotentha. Ubwino wa guluu ameneyu ndi wakuti amasungunukanso ndi kutentha ndi chinyezi, ndiye wokonza wa lero amatha kumatula popanda kuwononga.

Njira ya Boulle inali yochenjera mwa mtundu wina. Ankamata pamodzi chipepala cha mkuwa ndi cha chigoba cha kamba, n'kucheka chithunzi chimodzi pa zonse ziwiri ndi kacheka kaulusi. Akazimatula ankapeza zokutira za makabati awiri: ina ya mkuwa m'kati mwa chigoba, inzake ya chigoba m'kati mwa mkuwa. Palibe chotayika. M'nthawi ya Napoleon III mipando yotereyi inapangidwa yambirimbiri, ina ndi chigoba chofiiritsidwa kumbuyo, yotchipa ndi nyanga kapena zinthu zongotsanzira. Vuto lake limadziwika kwa aliyense amene anaisungapo: thabwa limafufuma ndi kufota malinga ndi nyengo, mkuwa sutsatira, ndiye timizere ta mkuwa timatukuka n'kumakola nsalu yopukutira fumbi.

Koma kwa ine mtima wa mipandoyi uli pa mkuwa. Zokongoletsa za m'makona, m'miyendo ndi pozungulira madilowa si zongosangalatsa maso. Zimateteza m'mphepete momwe timatabwa topyapyala tingathetheke. Wosema ankayamba kuumba chitsanzo ndi phula kapena dothi, n'kupanga chitsanzo cholimba chimene shopu inkachisunga ngati chuma, chifukwa ndi chimene ankadindira chikombole cha mchenga nthawi iliyonse. Ofuna kutsanzira kabati ya ku Louvre nthawi zina ankapatsidwa chilolezo choiyeza, ngakhale kudinda zikombole pa mkuwa wake. Mkuwa ukatuluka m'chikombole umakhala wokhakhala, wopanda moyo. Amene amaupatsa moyo ndi ciseleur, munthu wa kahamala ndi tizitsulo tambirimbiri, amene amagogoda mtsempha uliwonse wa tsamba, tsitsi lililonse la mutu wa mkango, malo ena kusalaza, ena kukhakhalitsa kuti kuwala kugwe mosiyana. Ntchito imeneyi pa kabati yaikulu inkadya maola mazanamazana, ndipo ndi imene inkakweza mtengo.

Kupaka golide ndiye kunali kupha anthu. Njira yakale inali yosakaniza golide ndi mekyule kuti zikhale ngati phala, kupaka pa mkuwa, n'kuwotcha. Mekyule ankauluka ngati nthunzi, golide n'kukanirira. Nthunziyo inkalowa m'mapapo mwa wantchito, ndipo ambiri ankayamba kunjenjemera manja, kuguluka mano, kusokonezeka mutu. Mu 1840 a Elkington a ku Birmingham analembetsa njira yopakira golide ndi magetsi, ndipo ku France kampani ya Christofle inaitenga posakhalitsa. Inali yotchipa ndiponso yosaopsa chotero, koma golide wake ankaoneka wopyapyala ndi wowala mofanana paliponse. Mashopu apamwamba anapitiriza kugwiritsa ntchito mekyule pa maoda odula. Tikamayamikira kuwala kofewa kwa golide wa Dasson kapena Beurdeley, tizidziwa kuti dzina lolembedwapo ndi la mwini shopu, osati la amene anapuma nthunzi ija.

Pa onsewa, amene moyo wake timaudziwa bwino ndi Linke, chifukwa mabuku a shopu yake anapulumuka, ndipo ankalembamo maola ndi ndalama zimene chinthu chilichonse chinadya. Anabadwa mu 1855, anafika ku Paris mu 1875, ndipo pofika 1881 anali ndi shopu yake pa nambala 170 mumsewu wa Faubourg Saint-Antoine. Kwa zaka zambiri ankapanga zimene anzake ankapanga, ma Louis XV ndi ma Louis XVI okhulupirika. Chionetsero cha dziko lonse cha 1900 chitayandikira, chimene chinadzakopa anthu pafupifupi 50 miliyoni, anaganiza zoika chuma chake chonse pa chiswe. Popanda wogula aliyense amene anaitanitsa, anapanga mipando ikuluikulu yoti sinaonekepo, mothandizana ndi wosema Léon Messagé, yemwe anagwirapo kale ntchito ndi Zwiener. Anatenga kupindika kwa Louis XV n'kukukoka mpaka kufanana ndi Art Nouveau, kapangidwe katsopano ka nthawiyo: mkuwa woyenderera ngati madzi kuchoka pamwamba pa kabati mpaka kumiyendo, nkhanu, nkhono, ana a mapiko. Zikanakanika akanagwa. Anapata mendulo ya golide, ndipo ogula anabwera. Anatsegula malo oonetsera katundu pa Place Vendôme, pakati pa masitolo a miyala yamtengo wapatali, n'kuyamba kutumiza katundu kwa anthu monga Simón Patiño, mwini migodi ya tini ku Bolivia. Oda yake yaikulu koposa inachokera mu Africa: Mfumu Fuad I ya ku Egypt inaitanitsa zinthu zoposa 1,000, zambiri za nyumba yachifumu ya Ras El Tin ku Alexandria, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930.

Apa m'pamene liwu lija la "kukopera" limaperewera. Desiki yatsopano imene Linke anaonetsa pa chionetsero cha 1900 ilibe mnzake m'zaka za m'ma 1700. Oeben akanaiona akanazindikira chilankhulo chake, koma osati mawu ake. Ngakhale zotsanzira zenizeni zimasiyana ndi zoyambirira mukaziyang'ana kumbuyo. Akale sankasamala malo osaoneka: kumsana kwa kabati ya m'ma 1760 kumakhala kokhakhala, mizere ya macheka amanja ili poyera, pansi pa mwala wa nsangalabwi posasalazidwa, masikuluwu osafanana chifukwa lililonse analisula payekha. Ya m'ma 1880 ndi yaudongo paliponse. Madilowa amatsetsereka ngati apakidwa mafuta, m'kati mopolishidwa, timatabwa tokutira topyapyala kwambiri popeza anacheka ndi makina, masikuluwu ofanana. Ukamasula mkuwa umapeza kuseri kwake zilembo za shopu, BY ya Beurdeley, ZN ya Zwiener, FL ya Linke. Odziwa amayezanso kukula kwake, chifukwa mkuwa umafota pang'ono ukamazizira, ndiye wodindidwa kuchokera pa wina umachepa pang'ono kuposa mayi wake. Kunena zoona, pa kulumikiza matabwa kokha, amisiri a m'ma 1800 nthawi zambiri anaposa aphunzitsi awo. Chimene ena anataya ndi ufulu wa dzanja. Ntchito zina zimakhala zolondola kwambiri mpaka kuuma, ngati mwana woloweza ndakatulo osaphonya liwu koma osaimva.

Feki yeniyeni ndi nkhani ina, ndipo France inaiona posachedwapa. Mu 2016 zinaululika kuti mipando ina yokhalira, imene inagulitsidwa ngati ya m'nyumba yachifumu, ina mwa iyo kwa oyang'anira Versailles enieniwo, inali yopangidwa kumene, pa matabwa akale ndi zidindo zonamizira. Mu 2025 khoti linapeza olakwa katswiri wina wodziwika wa mipando yakale ndi wosema amene ankagwira naye ntchito. Luso la manja linali lofanana ndi la Dasson. Kusiyana kwake n'kwakuti Dasson analembapo dzina lake ndi chaka, pamene awa analembapo la munthu amene anamwalira kalekale.

Nkhondo ya 1914 itatha, dziko linatembenukira kwina. Kapangidwe katsopano kotchedwa Art Deco kanabwera, kenako mipando yachitsulo yopanda chokongoletsa chilichonse, ndipo ophunzira anayamba kuona ma Louis a m'ma 1800 ngati zodzionetsera za anthu olemera dzulodzulo. Linke anamwalira mu 1946 dzina lake litazilala. Kwa zaka makumi angapo mipandoyi inkagulidwa motchipa, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900 pamene ogula a ku America, ku Middle East ndipo kenako ku Russia ndi ku China anaikwezanso. Nthawi nayo yachita zake. Pamene Dasson ankaonetsa desiki yake mu 1878, yoyambirira inali ndi zaka 109. Lero ya Dasson yapitirira zaka 140, yakalamba kuposa mmene inalili imene ankaitsanzira. Wofuna kugula kapena kutumiza kunja amakumananso ndi malamulo amene amisiriwo sanawalotepo: chigoba cha kamba uja ndi choletsedwa pa malonda a pakati pa maiko pansi pa pangano la CITES, ndipo kuyambira 2017 mitengo ya Dalbergia inalowanso m'gulu loyang'aniridwa.

Desiki ya mfumu ija anaichotsa ku Saint-Cloud mu 1870, kutangotsala pang'ono kuti nyumbayo ipse pa nkhondo ya France ndi Prussia. Inakhala ku Louvre mpaka 1957, pamene inabwerera m'chipinda chake ku Versailles. Luso lenilenilo likuphunzitsidwabe ku École Boulle, sukulu imene inatsegulidwa ku Paris mu 1886, nthawi ya Zwiener ndi Linke. Ku Egypt kapangidwe ka ma Louis kanamera mizu yakeyake, mpaka anthu anakapatsa dzina lachipongwe lakuti "Louis Farouk", potengera mwana wa Fuad, ndipo mzinda wa Damietta mpaka lero umasema mipando yopindika miyendo yopaka golide. Mipando iwiri ikuluikulu imene okongoletsa holo amaikira mkwati ndi mkwatibwi kutsogolo pa maukwati a ku Lilongwe kapena ku Lusaka, yoyera, ya misana yosemedwa masamba, ndi chidzukulu cha mtundu womwewo, ngakhale golide wake ndi wa m'chitini cha penti yopopera. Tsiku lina mukadzapita kukaponya perekaniperekani, mudzasuzumire miyendo yake: ikakhala yopindika ndi Louis XV, ikakhala yowongoka ya timigula ndi Louis XVI.